Nyumba ya agogo tinakaimangira ku Bergen

Ku Bergen dzuwa la mu Disembala ndi laulesi. Limadzuka nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko m'mawa, n'kungosuzumira pamwamba pa mapiri, pofika hafu pasiti 3 masana lapita kale kukagona. Ndikamati limadzuka ndikungolipatsa ulemu, chifukwa pa masabata atatu amene ndinakhala mumzindawu ndinaliona ndi maso anga kawiri kokha. Masiku ena onse inali mvula. Si mvula yathu ija yobwera ndi ziphaliwali, kugwa ola limodzi kenako n'kusiyira ngumbi bwalo. Iyi ndi yamvumbi, yozizira, yosatopa. Pa chaka imagwa masiku oposa 200, ndipo eni mzinda anasiya kalekale kudandaula. Ana a kusukulu ya mkaka amangowaveka zovala zosalowa madzi kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuwatulutsa panja kuti akasewere momwemo.

Ndinapita kukaona achemwali anga, amene akhala ku Norway zaka 11 akugwira ntchito ya unamwino. Tikiti anagula ndi iwo, ndisaname. Ndinakwera ndege ku Lilongwe, kusintha ku Addis Ababa, kutsika ku Oslo, kenako sitima yapamtunda ya maola pafupifupi 7 kudutsa m'mapiri. Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1909, ndipo pa siteshoni ya Finse, mamita 1,222 kuchokera pamene pali nyanja, m'pamene ndinaona chipale chofewa chochuluka koyamba m'moyo mwanga. Ndinajambula zithunzi zambirimbiri, zonse zoyera mbuu, moti pano sindidziwa kuti chiti ndi cha pati. Sitima itatsetserekera kunyanja chipale chija chinatha, mvula n'kutilandira.

Achemwali ali ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 5. Onse anabadwira konko. Chichewa amamva ndithu, koma poyankha amasakaniza ndi chinenero cha kumeneko mpaka iwe wofunsa umaiwala chimene unafunsa. Ine ndine malume wawo, ndipo kwathu ku Phalombe udindo umenewu si wamasewera. Koma malume amene umangomuona pa foni ndi mlendo basi. Masiku oyamba ankandipatsa moni waulemu, "Mwadzuka bwanji amalume," n'kuthawira kuchipinda.

Panalinso nkhani ina imene ine ndi achemwali tinkaizemba. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo chakummwera n'kusiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala, nyumba ya amayi, imene tonse tinabadwiramo, inali m'gulu la zimene zinagwa. Amayi anapulumuka. Anathawira kusukulu ya pulayimale usiku, kenako anakakhala kwa ang'ono awo. Miyezi 9 inali itadutsa, nyumba yatsopano kunalibe. Achemwali anatumiza ndalama, ine ndinagula njerwa ndi matumba angapo a simenti, kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya malata ndi simenti n'kuthawira kumwamba. Iwo ankaona ngati ndikuzengereza. Ine ndinkaona ngati sakumvetsa kuti ndalama ya mu Juni si ndalama ya mu Disembala. Pa WhatsApp tinafika poyankhulana mawu amene sindingawalembe pano. Ndiye tsopano tinali m'nyumba imodzi, kumapatsirana tiyi mwaulemu ngati anthu okumana pamaliro.

Loweruka loyamba alamu anga, mbadwa ya ku Bergen komweko, anati tikaone tauni. Tinayambira ku Bryggen, mzere uja wa nyumba zamatabwa zofiira, zachikasu ndi zoyera umene umatuluka mukangolemba dzina la mzindawu pa intaneti. Pa chithunzi zimaoneka zoongoka, koma ukafika umapeza zinapendekera, ina kutsamira inzake ngati anthu ochokera ku mowa wamasese. Amalonda achijeremani a gulu la Hansa anakhazikitsa ofesi yawo pamenepa cha m'ma 1360, kumagula nsomba zouma zochokera kumpoto kwa Norway n'kumabweretsa tirigu. Moto unapsereza malowa kangapo, ndipo zambiri mwa nyumba zimene zilipo lero zinamangidwa pambuyo pa moto wa mu 1702. UNESCO inaika Bryggen pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1979. Nsomba zoumazo amagulitsabe, zolimba ngati chikuni, ndipo fungo lake linandifikitsa mumsika wa Limbe nthawi yomweyo.

Koma ana sanabwerere nsomba. Ankandikoka jekete kuti tifulumire ku Pepperkakebyen.

Pepperkake ndi mabisiketi opyapyala, ofiirira, okhala ndi jinja, sinamoni, cloves ndi tsabola wakuda pang'ono. Dzinalo limatanthauza keke ya tsabola. Nyengo ya Khirisimasi mabanja amaphika zidutswa zikuluzikulu za mabisiketi amenewa n'kuzilumikiza kukhala kanyumba. Anthu a ku Bergen anaona kuti kanyumba kamodzi n'kochepa, ndiye kuyambira mu 1991 chaka chilichonse amamanga tauni yathunthu. Sukulu za mkaka, sukulu za pulayimale, makampani ndi mabanja amabweretsa zimene apanga, n'kuzisanja m'holo yaikulu kuyambira chapakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Disembala.

Ukangolowa, fungo ndi limene limayamba kukupatsa moni. Kenako maso akazolowera kamdima kabuluu, umaona nyumba mazanamazana zitakwera mapiri opanga, timagetsi tikuyaka m'mazenera, tisitima tamagetsi tikuzungulira. Bryggen ija tinaiona panja inalimonso, matchalitchi, masitima apamadzi, bwalo la mpira. Zina zinali zaluso moti unkachita kukayika ngati ndi bisiketi. Koma zimene ndinaima nthawi yaitali kuziyang'ana ndi za ana aang'ono, zokhota, denga lodzaza maswiti mbali imodzi, mbali inayo mukuoneka kuti womanga anayamba kulawa zipangizo.

Ndivomere kuti mtima wanga sunakondwe nthawi yomweyo. Ndinayamba kuwerengetsa m'mutu: fulawa yonseyi, shuga yenseyu, batala, ndipo palibe adzadye, chifukwa pakatha masabata 6 zili pa fumbi sizidyekanso. Ife tinakula tikuuzidwa kuti chakudya sachiseweretsa. Ukagwetsa mbamu ya nsima unkatola. Alamu anandiuza kuti ndalama zolowera pakhomo zimapita ku mabungwe othandiza ana, ndinagwedeza mutu, koma kuwerengetsa kuja sikunasiye. Anandiuzanso kuti mu Novembala 2009 mnyamata wina analowa usiku n'kuphwanya pafupifupi tauni yonse kutatsala masiku ochepa kuti itsegulidwe. Mzinda wonse unakwiya ngati waferedwa, kenako anthu anabwerera kukhitchini, n'kuphikanso, tauni n'kutsegulidwa chaka chomwecho. Iyi ndiye inandikhala m'mutu pobwerera.

Mwambowu anthu ambiri amaulumikiza ndi dziko la Germany, kumene mzinda wa Nuremberg unatchuka kalekale ndi makeke a zokometsera otchedwa Lebkuchen, komanso ndi nthano ya Hänsel ndi Gretel imene Jacob ndi Wilhelm Grimm anasindikiza mu 1812. Chimene anthu amaiwala n'choti nthanoyo ndi ya njala. Makolo akutaya ana m'nkhalango chifukwa m'nyumba mulibe chakudya, ndipo anawo akupeza nyumba yodyedwa. Ndi loto la mwana wogona ndi njala limenelo. Aliyense amene anaona chaka cha 2002 kwathu kuno akhoza kulimvetsa popanda womumasulira.

Madzulo ake tikudya, mtsikana uja anandiyang'ana n'kufunsa m'Chichewa chake chosamala, choyala liwu limodzilimodzi:

"Amalume, mumatha kumanga nyumba?"

Mwana anafunsa mosadziwa, koma funsolo linandilasa. Ndinaona achemwali akuyang'ana m'mbale.

"Pang'ono, mphwanga."

"Ndiye chaka chino timange ya agogo. Imene inagwa ija."

Nyumbayo anaiona kamodzi kokha ali ndi zaka 4. Ankakumbukira nkhuku, mtengo wa mango, ndi kanyumba kozungulira kosungiramo chimanga kamene dzina lake analiiwala. Nkhokwe, ndinamuuza. Analibwereza kangapo, "kh" uja akumuvuta, mng'ono wake n'kumamuseka pamene iye sangathe n'komwe.

Ntchito imayamba ndi katoni, osati fulawa. Umajambula khoma lililonse ndi mbali ziwiri za denga, n'kudula, kuti zidzakhale zoyezera. Ndinatenga pensulo n'kujambula momwe ndinkakumbukira: zipinda ziwiri ndi pabalaza, khonde kutsogolo, timazenera tiwiri. Achemwali anabwera kumbuyo kwanga atanyamula kapu.

"Achimwene, zenera lakuchipinda kwa amayi silinali uko. Linali mbali ya kuphiri."

"Ayi achemwali, kuphiri kunali chitseko."

"Inu munali mwana. Ine ndi amene ndinkatsegula zeneralo m'mawa uliwonse, Michesi ndinkaiona ndili pamphasa."

Tinakangana mphindi 20 zathunthu, ana akutiyang'ana ngati akuonera mpira. Kanali koyamba chichitikireni Freddy kuti tikambe za nyumba ija osatchula ndalama. Zenera linapita kumene iwo ananena.

Mtanda wake si wovuta. Mumasungunula batala, shuga ndi manyuchi mupoto, zikazizirako mumathira zokometsera zija, soda ndi fulawa, n'kukanda mpaka usiye kumata m'manja. Kenako ugone mufiriji usiku wonse. Apa m'pamene ana amavutika, ndipo kamnyamata kanatsegula firiji kasanu kukaona ngati wapsa. M'mawa mwake mumaufutukula mpaka kukhuthala kwake kukhale ngati theka la sentimita, kuika makatoni aja pamwamba, kudula ndi mpeni, n'kulowetsa mu uvuni pa madigiri 175 kwa mphindi 10 kapena 12. Zidutswa zimafufuma n'kukhota pang'ono zikamapsa, ndiye muyenera kuziongola m'mbali ndi mpeni zikadali zotentha. Mukadikira kuti zizizire zimangothetheka. Pa mazenera alamu anaphwanya maswiti olimba achikasu n'kuthira m'mabowomo tisanalowetse mu uvuni, ndipo anasungunuka n'kuuma ngati galasi. Nyumba ya amayi inalibe magalasi, inali ndi timatabwa totsekera, koma apa ndinangokhala chete.

Choopsa ndi guluu wake. Ndi shuga wosungunula pa chiwaya popanda madzi, amene akafika pofiirira amakhala atadutsa madigiri 160, kutentha kuposa madzi owira, ndipo amauma m'masekondi ochepa. Umaviika m'mphepete mwa khoma n'kugunditsa pa linzake msangamsanga. Ana amaimitsidwa patali. Alamu anandichenjeza kawiri, ine n'kunena kuti munthu wokulira pa mbaula sauzidwa za moto. Dontho limodzi linagwera pa chala chachikulu, n'kukakamira pomwepo. Mawu amene ndinatulutsa, mwamwayi, ana sanawaphunzirebe. Thuza lake ndinabwerera nalo ku Malawi.

Nkhokwe tinaiumba pokulunga mtanda kunja kwa kachitini n'kuotcha momwemo. Udzu wa padenga tinagwiritsa ntchito timitengo tamchere todyera pocheza tija, kutimata ndi shuga woyera wosakaniza ndi choyera cha dzira. Mtengo wa mango unali wa maswiti obiriwira. Nkhuku zimene kamnyamata kanaumba zinatuluka mu uvuni zikuoneka ngati mvuu, koma mwini wake anati ndi nkhuku, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndili pakati pomata denga, manja ali nyatinyati, ndinakumbukira masanje. Tikakolola, ife ana tinkapita m'munda kukakunkha chimanga ndi nyemba zotsalira, kumanga timisasa ta mapesi, wina kukhala bambo, wina mayi, wina fisi. Tinkaphika nsima yeniyeni ndi ufa weniweni, nthawi zina wotapa mobisa m'nyumba, ndipo theka linkapserera kapena kutayika. Akuluakulu ankadziwa, osatiletsa. Ndinawafotokozera anawo, ndipo mtsikana anafunsa kuti amayi ake ankakhala ndani. Ndinati fisi. Achemwali anandiponyera kansalu kopukutira mbale.

Mkangano wina unabuka pa chipale. Nyumba zonse za mtunduwu amaziwaza shuga woyera pamwamba kuti zioneke ngati kwagwa chipale chofewa. Mtsikana anakana, ati kwa agogo kulibe zimenezo. Mnyamata anali atagwira kale kasefa, misozi ili pafupi. Ndinadula kabisiketi kamakona anayi, kukaika pabwalo pafupi ndi nkhokwe, n'kumuuza kuti iyi ndi mphasa, ndipo agogo akachoka kuchigayo amayanika ufa woyera pamenepa. Anawaza mosamala, lilime lili panja. Pang'ono anawazanso padenga mlongo wake atatembenuka.

Tinaiika pawindo, n'kukagona monyada.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi kulira. Windo lija linagona lotsegula pang'ono, ndipo chinyezi cha Bergen chinalowa usiku wonse. Denga linali litafewa n'kulowa m'kati, khonde litagwada, khoma lakumbuyo litatsamira panja. Kamnyamata kanaima pamenepo ndi zovala zogonera, n'kunena liwu limodzi, m'Chichewa chomveka bwino kuposa china chilichonse chimene kanayankhulapo:

"Yagwanso."

Achemwali anali atangofika kuchokera ku ntchito ya usiku, jekete ikadali m'thupi. Anayang'ana kanyumbako, n'kulowa kubafa, n'kukhalako nthawi yaitali. Ine ndinangoti kakasi. Sindinaione nyumba ya amayi ikugwa, ndinafika patatha masiku anayi misewu itayamba kudutsika, ndipo chimene ndinapeza ndi mulu wa dothi, udzu pamwamba, ndi chitseko chili chiimire chokha.

Alamu ndi amene anatitola. Anati izi zimachitika chaka chilichonse m'nyumba zambiri za mumzindawu, bisiketi amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kulefuka. Sindinafune kuuzidwa zambiri, zidina ndimazidziwa. Tinagumula bwinobwino, kubwezera zidutswa mu uvuni wofunda pang'ono kuti ziumenso, kuphika denga latsopano ndi mtanda wotsala. Ulendo uno tinaika khoma lina m'kati loti linyamule denga, tinachepetsa timitengo tamchere tija, ndipo tinaikhazika pa shelefu kutali ndi windo. Inatitengera tsiku lonse. Kamnyamata kanapatsidwa ntchito yogwira khoma mpaka kuwerenga kufika 20, ndipo ndinakaphunzitsa kuwerenga m'Chichewa mpaka pa zisanu, kupitirira apo tonse tinabwerera ku Chingerezi monga timachitira kwathu.

Ku Norway tsiku lalikulu ndi la 24 Disembala madzulo. Tinadya pinnekjøtt, nthiti za nkhosa zothira mchere n'kuumitsa, zimene amaziviika m'madzi kenako n'kuziphika ndi nthunzi, chakudya cha Khirisimasi cha chigawo chakumadzulochi. N'zokoma, koma ndinasowa mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yachikuda. Pa 25 tinadikira kuti amayi atuluke m'tchalitchi, poti kwathu nthawi imatsogola ndi ola limodzi, n'kuimba pa foni ya msuweni wathu. Netiweki inadukaduka katatu. Kachinayi nkhope yawo inaoneka, atavala duku latsopano, kumbuyo kwawo chimanga chikubiriwira.

Mtsikana anayendetsa foni pang'onopang'ono kuzungulira kanyumba kaja. Amayi anakhala chete mpaka tinaganiza kuti yadukanso.

"Iii, ana inu. Imeneyo ndi nyumba yanga?"

"Eya agogo. Iyi ndi nkhokwe." Analitchula bwino.

"Nanga khitchini mwaisiya kuti? Ndiziphikira pamvula? Ndipo nsanamira za pakhonde zinali zinayi, osati ziwiri."

Kenako anaitana kamnyamata monga agogo amaitanira zidzukulu zawo zazimuna. "Amuna anga, mwandimangira nyumba eti? Mwawaposa amalume anuwo."

Kumudzi kuja kunamveka chiphwete cha kuseka, kuno nakonso. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani. Amayi sananene mwankhanza, koma sananenenso mwangozi. Ndimawadziwa.

Usiku umenewo ana atagona, achemwali anatenga katoni ija ya khoma lakutsogolo, kuitembenuza, n'kundipatsa pensulo. Anati ndilembe mtengo wa chilichonse monga ulili lero, osati monga unalili. Ndinalemba. Anayang'ana nthawi yaitali mtengo wa malata, n'kundifunsa kawiri ngati sindinalakwitse ziro. Tinachotsa chipinda chimodzi. Tinagwirizana kuti pulasitala adikire chaka china, koma maziko akhale okwera, a miyala ndi simenti, njerwa zootcha, komanso timange chakumtunda kwa malo akale, kutali ndi kumene madzi anadutsa. Khitchini tinaiikamo. Panalibe amene anapepesa mnzake. Anangondiwonjezera tiyi, n'kundifunsa ngati chala chikupolako.

Mwambo wake umatha ndi kuphwanya. Chaka chatsopano chikalowa, ana amapatsidwa kahamala n'kuswa kanyumbako, aliyense n'kutola chidutswa. Kamnyamata kanali kakudikira tsikuli kuyambira pa Khirisimasi. Mlongo wake anakana kwamtuwagalu. Anakambirana okha m'chinenero chawo, mofulumira moti sindinatolepo kanthu, kenako anabwera ndi chigamulo: hamala igwe pa mtengo wa mango ndi pa nkhuku zija, nyumba tiisasule ndi manja kuyambira kudenga, ndipo nkhokwe isakhudzidwe, amalume apite nayo kwa agogo.

Anaikulunga ndi mapepala ofewa, kuiika m'kabokosi ka pulasitiki, kabokosiko m'kati mwa sokosi zanga. Inadutsa Oslo, Addis Ababa, Lilongwe, basi ya ku Blantyre, minibasi ya ku Phalombe, ndi kabaza wa njinga yamoto pa msewu wamatope. Nditatsegula pamaso pa amayi, munali zinyenyeswazi zofiirira ndi kachidutswa kamodzi kopindika.

Anatenga kachidutswako, kukaviika mu tiyi, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Jinja anachulutsa," anatero. Kenako analoza katoni imene inasuzumira m'chikwama changa. "Nanga icho n'chiyani?"

Ndinaitulutsa, n'kuwasonyeza mbali ya manambala. Iwo anaitembenuza, n'kuyang'ana mbali ya chojambula.

"Zenera ili mwaliika bwino. Amisiri abwera liti?"

"Lolemba, amayi."